Mkangano wokumba mafuta ku America: kodi akakumba ambiri petulo amatsikadi mtengo?

Chisankho chilichonse ku America nkhani ya mafuta siilephera kutuluka, ndipo imatuluka mofanana nthawi zonse. Petulo akangokwera, a chipani cha Republican amaloza chala ma Democrat kuti ndinu mukutiletsa kukumba, mafuta tili nawo pansi pathu pomwepa koma mwangowakhalira, ma Democrat nawo nkuyankha kuti makampani ali ndi malo ambirimbiri omwe anapatsidwa kalekale koma sakukumbapo, akungowerenga phindu basi. Mawu aja oti "Drill, baby, drill" omwe Donald Trump amawakonda si ake ayi, anatchuka mu Seputembala 2008 pa msonkhano waukulu wa ma Republican ku St. Paul, Minnesota, anawayambitsa wandale wa chipanicho Michael Steele kenako mnzake Sarah Palin nkuwanyamula. Chaka chimenecho mu Julayi mgolo umodzi wa mafuta osayenga, womwe ndi malita 159, unafika pa madola 147, petulo nkudutsa madola 4 pa galoni, yomwe ndi malita pafupifupi 3.8, anthu anali atakwiya zedi. Ndiye kuchokera pamenepo nyimbo ndi yomweyo mpaka lero.

Kuti timvetse chifukwa chomwe nkhaniyi imawawa chonchi kumeneko tiyambire kumbuyo pang'ono. Mu 1970 America inkatulutsa migolo pafupifupi 9.6 miliyoni pa tsiku, kenako zitsime zakale zinayamba kuchepa mphamvu. Mu 1973, pa nkhondo ya Israel ndi Egypt ndi Syria, mayiko a Aluya anasiya kugulitsa mafuta ku America, mitengo inakwera pafupifupi kanayi ndipo anthu a dziko lolemera lija anayamba kufola mizere pa ma filing'i siteshoni, madera ena mpaka kugula motengera nambala ya galimoto, lero awa mawa awa. Amene munagonapo pa mzere wa mafuta ku Lilongwe kapena ku Blantyre chigubu chili m'manja mukudziwa mmene zimapwetekera, ndipo a ku America sanaiwale. Mu 1975 anakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa mafuta osayenga kunja komanso loti ayambe kusunga mafuta a pangozi m'mapanga a mchere ku Texas ndi Louisiana. Maganizo oti tisamadalire akunja pa mafuta anabadwira pamenepo, ndipo wandale akawatchula amakhudza bala lenileni.

Koma dziko lomwe linkaopa kutha mafuta lija si lomwe lilipo pano, apa mpamene ambiri amasokonekera. Pofika 2008 America inali itatsika kufika pa migolo 5 miliyoni pa tsiku. Kenako kunabwera njira ija amati fracking. Mafuta ena amakhala atamatirira mkati mwa mwala wolimba woti sangayende okha, ndiye amaboola kupita pansi makilomita angapo, nkukhotetsa chitsimecho kuti chiyende chopingasa mkati mwa mwalawo, kenako amapopera madzi osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala mwamphamvu kwambiri mpaka mwala uja kung'aluka, mchenga umatsalira m'ming'alu kuti isatsekeke ndipo mafuta amapeza potulukira. Njira imeneyi inasintha zonse ku Permian Basin, kumadzulo kwa Texas ndi New Mexico, komanso ku Bakken ku North Dakota. Mu 2018 America inapitirira Saudi Arabia ndi Russia nkukhala nambala wani pa dziko lonse, mu 2023 inatulutsa migolo 12.9 miliyoni pa tsiku, mu 2024 nkudutsa 13 miliyoni, palibe dziko lomwe linafikapo pamenepo. Ndipo taonani amene anali pampando: kukwera kwakukulu koyamba kunachitika nthawi ya Barack Obama, rekodi ya 2023 ndi 2024 inabwera nthawi ya Joe Biden, onse ma Democrat omwe amanenedwa kuti amadana ndi mafuta.

Zikutheka bwanji? Chifukwa pulezidenti alibe mphamvu zambiri pa nkhaniyi ngati mmene kampeni imamvekera. Ku America munthu wamba atha kukhala mwini wa zomwe zili pansi pa munda wake, osati ngati kwathu kuno komwe za pansi pa nthaka zili m'manja mwa boma. Mlimi wa ng'ombe ku Texas amasayinirana yekha ndi kampani, iye nkumalandira gawo lake, ku Washington osapitako nkomwe. Mafuta ochokera pa malo ndi nyanja za boma lalikulu ndi pafupifupi kota chabe ya onse, enawo ndi a pa malo a anthu ndi a maboma a zigawo. Ndiye mkangano wonse wa ma layisensi okumbira mafuta omwe boma limapereka uli pa kota imeneyo, ndiponso layisensi si mafuta. Kampani ikapatsidwa malo pakati pa nyanja ku Gulf of Mexico kapena ku Alaska imayenera kufufuza, kuboola zitsime zoyesera, kumanga misewu ndi mapaipi, kulimbana ndi milandu ku khothi, zimatha kutenga zaka khumi dontho loyamba lisanafike pa msika. Layisensi yosayinidwa lero singatsitse petulo wa mwezi wa mawa ngakhale pang'ono.

Tsopano pa mtengo penipenipo, pomwe ine ndimaona kuti anthu wamba akunamizidwa. Mafuta amagulitsidwa pa msika umodzi wa dziko lonse, womwe umameza migolo yoposa 100 miliyoni tsiku lililonse. Zili ngati chimanga chaka cha njala, ngakhale mnansi wanu atakolola ngolo zambirimbiri sakugulitsani pa mtengo wachibale, ayang'ana kaye kuti mavenda akugula bwanji pa msika. ExxonMobil ndi Chevron si makampani a boma, mafuta awo amagulitsa kwa amene walipira bwino kaya ali ku Rotterdam kaya ku South Korea, makamaka chichotsereni lamulo loletsa kugulitsa kunja lija mu Disembala 2015. Mu 2024 America inkatumiza kunja migolo pafupifupi 4 miliyoni ya mafuta osayenga pa tsiku, nthawi yomweyomweyo nkumagulanso ena ochuluka chimodzimodzi kuchokera ku Canada. Zikumveka zosokonekera koma chifukwa chake chilipo, mafakitale ambiri oyengera mafuta anamangidwa kale kuti aziyenga mafuta olemera, a phalaphala, pomwe a fracking ndi opepuka, ndiye opepukawo amapita kunja olemera nkumalowa.

Chaka cha 2022 chinaonetsa zonsezi poyera. Russia italowa mu Ukraine mu Febuluwale mgolo unadutsa madola 120, mu Juni petulo ku America anafika madola 5 pa galoni koyamba m'mbiri, chonsecho dzikolo linali nambala wani pokumba. Biden anatulutsa migolo 180 miliyoni mu nkhokwe za pangozi zija, anapita mpaka ku Saudi Arabia mu Julayi kukapempha kuti awonjezere, koma mu Okutobala gulu la mayiko ogulitsa mafuta la OPEC ndi anzake linalengeza kuti likuchepetsa ndi migolo 2 miliyoni pa tsiku. ExxonMobil chaka chimenecho inapeza phindu la madola pafupifupi 56 biliyoni. Ma Republican ankati vuto ndi Biden, Biden ankati vuto ndi umbombo wa makampani, koma makampaniwo anali ndi chifukwa chawo chomwe sichikoma pa nsanja ya kampeni.

Chifukwa chake nchakuti anali atapsa kale. Zaka za 2010 mpaka 2019 makampani a fracking anakongola ndalama zankhaninkhani nkumangoboola, mafuta anachuluka mpaka mtengo kugwa, eni masheya osaona phindu. Kenako Covid itabwera magalimoto ndi ndege zinaima, malo osungira anadzaza, ndipo pa 20 Epulo 2020 mtengo wa mafuta a ku America unatsika kupitirira ziro mpaka madola 37 kunsi kwake, kutanthauza kuti wogulitsa ankachita kulipira munthu kuti amutengere mafutawo. Makampani a Whiting Petroleum ndi Chesapeake Energy anagwa chaka chomwecho. Chichokereni apo eni ndalama anawauza mabwana a makampani kuti zoboola mwachisawawa zatha, phindu muzitipatsa ife. Komanso zitsime za fracking zimafooka msanga, chaka choyamba chokha mafuta amatha kutsika ndi theka kapena kuposa, ndiye umayenera kumangoboola zatsopano kuti ungokhala pomwe unali, ndipo kafukufuku yemwe banki ya Federal Reserve ya ku Dallas imachita pofunsa makampaniwo amaonetsa kuti chitsime chatsopano chimafuna mtengo wa m'ma 60 madola pa mgolo kuti chibweze ndalama. Apa ndiye pali mfundo yomwe ndikufuna muigwire: lonjezo loti tikumba kwambiri komanso mafuta atchipa kwambiri limadzitsutsa lokha. Mtengo ukatsika kufika m'ma 50 makampani amaimitsa makina nkuchotsa anthu ntchito, palibe pulezidenti angawakakamize kuboola moluza.

Izi sizikutanthauza kuti ofuna kukumba alibe mfundo, ali nazo ndipo zina nzolemera. Mafuta a fracking anathandizadi kugwetsa mtengo wa dziko lonse kuchoka pa madola oposa 100 pakati pa 2014 kufika kunsi kwa 30 kumayambiriro kwa 2016, ndipo mayiko ogula ngati athuwa anapumako. Popanda mafuta ndi gasi wa ku America, Ulaya akanavutika koopsa atachepetsa kwambiri kugula kwa Russia. Palinso nkhani ya ntchito, mnyamata woti sanapite ku koleji amatha kulandira ndalama zabwino pa chitsime ku Midland ku Texas kapena ku Williston ku North Dakota, ndiye kumuuza kuti aphunzire ntchito ina ali ndi ana ndi ngongole ya nyumba si nkhani yopepuka. Ndipo amafunsa funso lovuta kuyankha, eti ife tikasiya kukumba koma anthu akuyendetsabe magalimoto omwewo, mafutawo sangochokera ku Saudi Arabia, Iraq kapena Venezuela? America imagwiritsa ntchito migolo pafupifupi 20 miliyoni pa tsiku, kutseka chitsime sikuchepetsa ludzu limenelo.

Ndipo mzere wogawa anthu sutsata chipani bwinobwino, umatsata kuti ndalama ikulowa kwa ndani ndipo chiopsezo chikugwera ndani. New Mexico ikulamulidwa ndi ma Democrat, bwanamkubwa wake Michelle Lujan Grisham, koma ndi chigawo chachiwiri pokumba mafuta ndipo ndalama zomwezo ndi zomwe zikuthandiza kulipirira ana sukulu ya ukachenjede ulere, ndiye kumeneko sungamve akufuula zotseka zitsime. Ku Florida nako ndi kwa ma Republican koma safuna kuona nsanja ya mafuta pafupi ndi magombe awo chifukwa amadya za alendo odzaona malo, mpaka Trump yemweyo mu Seputembala 2020, chisankho chili pafupi, anasayina zoletsa kukumba m'nyanja za Florida, Georgia ndi South Carolina mpaka 2032. Joe Manchin, yemwe nthawiyo anali senata wa Democrat wa ku West Virginia, anakana kuvotera lamulo lalikulu la Biden la zanyengo mu 2022 mpaka atayikamo kuti boma lizigulitsabe ma layisensi a mafuta. Kamala Harris mu 2019 ankati aletsa fracking, pofika 2024 akufuna mavoti a ku Pennsylvania anasintha.

Mantha a ku Florida aja sanangochokera m'mutu. Mu 1969 chitsime chinaphulika m'nyanja pafupi ndi Santa Barbara ku California nkudetsa magombe, mu Malichi 1989 sitima ya Exxon Valdez inagunda mwala ku Prince William Sound ku Alaska, ndipo pa 20 Epulo 2010 nsanja ya Deepwater Horizon yomwe inkaboolera kampani ya BP inaphulika ku Gulf of Mexico, anthu 11 anafa, mafuta anakhala akutuluka pansi pa nyanja masiku 87 akatswiri akulephera kutseka, asodzi a ku Louisiana ntchito inaima. Chomvetsa chisoni, patangotsala milungu itatu kuti ngoziyo ichitike Obama anali atalengeza zotsegula madera ena a nyanja kuti akumbidwe.

Koma mtima wa mkanganowu kwa ine uli ku Alaska, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Mu 1968 anapeza mafuta ambiri ku Prudhoe Bay, mu 1977 paipi ya makilomita pafupifupi 1,300 inayamba kuwanyamula kupita ku doko la Valdez, ndipo kuyambira 1982 munthu aliyense wokhala ku Alaska, ngakhale khanda, amalandira cheke chaka ndi chaka kuchokera ku thumba la ndalama za mafuta, mu 2022 chinadutsa madola 3,000 pa munthu. Kum'mawa kwa Prudhoe Bay kuli nkhalango yotetezedwa ya Arctic National Wildlife Refuge. Lamulo lomwe Jimmy Carter anasayina mu 1980 linasiya chigwa cha m'mbali mwa nyanja, maekala 1.5 miliyoni, chili lende, kuti nyumba ya malamulo idzagamule mtsogolo ngati kungakumbidwe. Chigwa chimenecho ndi pomwe nyama zangati mphalapala zotchedwa caribou zimakaswera. Mtundu wa a Gwich'in moyo wawo wonse, chakudya, zovala, miyambo, wadalira nyama zimenezi kuyambira makolo, ndiye akukana kwamtuwagalu. Koma a Iñupiat ambiri a m'mudzi wa Kaktovik, omwe ndi okhawo okhala mkati mwenimweni mwa deralo, akufuna kukumbako chifukwa misonkho ya mafuta ndi yomwe inawabweretsera sukulu, chipatala ndi madzi a m'mipope, ndipo amadandaula kuti anthu a m'mizinda ya kutali akuwalankhulira ngati iwo kulibe. Onsewa ndi eni nthaka, onse akunena zoona za moyo wawo, ndiye amene amati nkhaniyi ndi ya anthu akumudzi kulimbana ndi makampani sanaimvetse.

Anakangana zaka pafupifupi 40. Bill Clinton anakana kusayina bajeti mu 1995 yomwe inali ndi zotsegula deralo. Mu 2017 ma Republican anazilowetsa mu lamulo la misonkho, nkulonjeza kuti boma lipeza ndalama zoposa biliyoni imodzi. Tsiku logulitsa ma layisensi litafika, pa 6 Januwale 2021, makampani akuluakulu sanabwere, zonse zinangokwana madola pafupifupi 14 miliyoni ndipo ambiri anagula ndi bungwe la boma la Alaska lomwe. Malonda achiwiri mu Januwale 2025 sanapeze wogula ndi mmodzi yemwe. Kumalo kuja nkozizira koopsa, kulibe misewu, milandu njosatha, mabanki akuluakulu ngati Goldman Sachs ndi JPMorgan anali atanena kale kuti sapereka ngongole zokumbira kumeneko. Ine pamenepa mbali ndili nayo, malo aja asiyidwe. Ngati ngakhale ofuna phindu sakuwathamangira, palibe chifukwa choika pa chiswe chakudya cha mtundu wonse wa anthu kuti wandale angopeza chonena pa msonkhano.

Kumadzulo kwa Prudhoe Bay nkhani inayenda mosiyana. Biden, yemwe pa kampeni ya 2020 analonjeza kuti sipadzakhalanso kukumba kwatsopano pa malo a boma, pa 13 Malichi 2023 anavomereza pulojekiti ya Willow ya kampani ya ConocoPhillips, yoti izidzatulutsa migolo pafupifupi 180,000 pa tsiku ndipo idzakhala ikupopa zaka 30. Achinyamata omwe anamuvotera anakhumudwa kwambiri. Tsiku limenelo ndi lomwe kuno matope ochokera m'phiri la Soche anali atangokwirira nyumba ku Chilobwe, namondwe wa Freddy ali mkati mopha anthu oposa 1,000 tikaphatikiza omwe sanapezeke mpaka lero. Sindikunena kuti Willow inabweretsa Freddy, mafuta ake anali asanatuluke nkomwe. Koma asayansi akhala akuchenjeza kuti nyanja zikamatentha anamondwe amanyamula mvula yochuluka, ndipo America ndi dziko lomwe latulutsa utsi wotenthetsa dziko wambiri kuposa lina lililonse chiyambire. Bungwe la International Energy Agency, lomwe linakhazikitsidwa mu 1974 kuti liziteteza mayiko ogula mafuta, linanena mu Meyi 2021 kuti ngati dziko likufunadi kufika poti utsi usamawonjezekenso pofika 2050, sipakufunika kutsegula minda yatsopano ya mafuta ndi gasi. Vuto la chitsime chatsopano ndi loti ukathira mabiliyoni umayenera kupopa mpaka ndalama ibwerere, ndiye chiganizo cha lero chimamanga ana omwe sanabadwe. Mu mkangano wa ku Washington uja anthu a ku Chilobwe, Phalombe ndi Nsanje satchulidwa, chonsecho bilu ina ikufikira iwo.

Za paipi ya Keystone XL ndingodutsapo, chifukwa imatchulidwa kwambiri kuposa kulemera kwake. Inali yonyamula makamaka mafuta a ku Alberta, Canada. Obama anaikana mu 2015, Trump anaivomera mu 2017, Biden anaifafaniza tsiku lake loyamba mu 2021 isanathe kumangidwa, ndipo mafuta a ku Canada akulowabe kudzera m'mapaipi ena.

Kusinthasintha kumeneku ndiye kwasanduka chizolowezi. Biden atatsala milungu iwiri kuchoka anatseka maekala 625 miliyoni a m'nyanja, Trump atangolowa pa 20 Januwale 2025 analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya zamphamvu, nkutulukanso mu mgwirizano wa mayiko wa zanyengo wa ku Paris, ndipo lamulo la mu Julayi 2025 linabweza gawo lomwe makampani amalipira boma pa mafuta a pamtunda kuchoka pa 16.67 peresenti kufika pa 12.5 pomwe linali kale. Aliyense akalowa amafufuta za mnzake, pamene pulojekiti ya mafuta kapena ya magetsi a mphepo imafuna zaka makumi. Ndipo mbali zonse zikuthawa nkhani yeniyeni yomwe ndi ludzu lija la migolo 20 miliyoni, magalimoto akuluakulu, mizinda yomangidwa moti popanda galimoto sungagule ngakhale buledi, msonkho wa boma lalikulu pa petulo womwe uli pa masenti 18.4 pa galoni kuyambira 1993 chifukwa palibe wandale angayerekeze kuukweza. Kukangana za chitsime nkosavuta kusiyana ndi kuuza wovota kuti asinthe kayendedwe.

Nkhaniyi isatione ngati ndi ya kutali, chifukwa nafenso tili ndi funso lomweli pa nyanja ya Malawi. Mu 2011 boma linapereka layisensi yofufuza mafuta kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum, ndipo pompo mkangano wa malire ndi Tanzania unadzukanso mpaka kukafika kwa pulezidenti wakale wa Mozambique Joaquim Chissano ndi anzake kuti ayanjanitse. Tsiku lina wina adzaimanso pa nsanja nkutiuza kuti tikakumba m'nyanjamo mizere ya mafuta itha. Mizere yathu imabwera chifukwa chosowa madola ogulira mafuta oyenga kale odzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo fakitale yoyengera tilibe, ndiye ngakhale atapezeka amayenera kutuluka kaye kunja osayenga nkudzabwera pa mtengo wa msika womwe uja. Nigeria yakhala ikukumba kuyambira 1958 koma kwa zaka zambirimbiri imagula petulo kunja, anthu ake akufola mizere ngati ife. Ndalama za boma zitha kubwera, inde, ngati mapangano ali poyera ndipo wina sanasayine mumdima. Koma nyanja yathu ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, madzi ake amatenga zaka mazana kuti asinthike, ndiye mafuta atatayika ngati ku Gulf of Mexico kuja usipa ndi chambo za asodzi a ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Mangochi zilibe kothawira.